Mwana wa phee mkalasi si mbuli, ndipo wolongolola si wosamva

Tsiku lotsekera teremu yachiwiri ndinapita kukatenga ma ripoti a ana anga awiri, onse amaphunzira pa sukulu imodzi ya pulaimale mu Blantyre momuno. Ndinayambira ku sitandade 7 kwa mtsikana. Madamu ake anandilandira bwinobwino, nkundiuza kuti, "Mayi, mwana wanuyu alibe vuto, ndi waulemu, mayeso amakhoza, koma ndi wozizira. Chiyambireni chaka sindinamuonepo atakweza mkono olo tsiku limodzi. Mukamuuze azichangamuka." Ndinathokoza nkudutsa pa bwalo kupita ku sitandade 5 kwa mnyamata. Kumeneko aphunzitsi asanandipatse nkomwe ripoti anayamba apukusa mutu. "Mayi, uyu nde watitopetsa. Monita akamalemba maina a olongolola dzina lake silisowa, pa desiki sakhazikika, funso ndisanamalize iye wayankha kale. Mukamuuze azikhala chete."

Nde ndikuyenda kupita pa siteji ma ripoti ali mmanja ndimangozifunsa kuti kodi mwana amene sukulu ikufunayo ndi uti? Wina akuti ayankhule, wina akuti atseke pakamwa. Ana awiriwa anatuluka mmimba imodzi, amadya nsima ya mpoto umodzi, ndawalera ndi dzanja limodzi lomweli. Palibe amene ndinamuphunzitsa manyazi, palibenso amene ndinamuphunzitsa phokoso. Mtsikanayu ali khanda mlendo akangoti amunyamule amabisa nkhope pachifuwa panga nkuyamba kulira, mnyamatayu ali ndi miyezi yomweyo amapita kwa aliyense olo kondakitala wa minibasi. Ndi chibadwa chawo, anabwera nacho.

Chimene ndikufuna kunena ndi ichi: mmakalasi mwathu timasokoneza chibadwa ndi nzeru, komanso chibadwa ndi mwambo. Mwana wofulumira kukweza mkono timati wanzeru, wochedwa timati wogona, wosakhazikika timati wamwano. Ndipo mwana ukamuuza chinthu chimodzimodzi kuyambira sitandade 1 mpakana 8 amadzachikhulupirira, basi kumakula akudziwa kuti iye ndi mbuli kapena ndi wovuta, pomwe vuto linali lakuti kaphunzitsidwe kathu kali ndi khomo limodzi lokha ndipo iye khomo limenelo samakwanapo bwino.

Bwerani kunyumba kwanga madzulo muone mmene amawerengera. Mtsikana amadikira tidye kaye, mbale zitsukidwe, TV izime, ndipamene amatenga kope lake nkukakhala pa kona pafupi ndi kabati, magetsi akazima amayatsa katochi kaja ka pa foni yanga ya mabatani. Samu imodzi atha kuyiyang'ana mphindi khumi osalemba kanthu, pensulo ili mkamwa, ungaganize kuti wasinza. Kenako amalemba kamodzi nkamodzi, mzere ndi mzere, osafufuta. Ukamufunsa funso mwadzidzidzi, olo loti akulidziwa, amangoti kakasi maso pansi. Koma umusiye, pakatha kanthawi uli kukhitchini amabwera yekha, "Amayi, zija munafunsa zija yankho lake ndi ili, komanso pali njira ina yachidule." Mchimwene wakeyo nde zina. Kumukhazika pa mpando ndi buku mphindi khumi ndi chilango. Amawerenga akuyendayenda pa khonde, mokweza, pena amasonkhanitsa tiana ta pa lendi pano nkutikhazika pa mpanda wa njerwa iye nkukhala mphunzitsi, khala ndi choko chake, khoma la bafa ndi bolodi. Ndinamumvapo tsiku lina akufotokozera tiana ta sitandade 2 za kuzungulira kwa madzi, kuti amachoka mu Mudi nkukwera kumwamba ngati nthunzi ya pa mphika nkubwereranso ngati mvula, ndipo zimene anaphunzitsa anzake tsiku limenelo ndi zimene anakhoza pa mayeso. Zimene ndinamukakamiza kuwerenga chamumtima ali duu pa tebulo zinauluka zonse.

Izitu si nzeru zanga ndekha ayi. Ku New York madokotala awiri, Alexander Thomas ndi mkazi wake Stella Chess, anayamba mu 1956 kutsatira ana oposa 100 kuyambira ali makanda mpakana atakula, ndipo anapeza kuti ana amasiyana kuyambira pachiyambi penipeni. Pafupifupi 40 mwa 100 alionse anali osavuta, ozolowera zinthu msanga, pafupifupi 10 anali ovutirapo, olira kwambiri, osachedwa kupsa mtima, ndipo pafupifupi 15 anali oti chinthu chachilendo amayamba achiopa kaye, nkumachiyandikira pang'onopang'ono mpakana atachizolowera. Otsalawo anali osakanikira. Koma chimene chinandigwira mtima pa kafukufuku ameneyu ndi mfundo yawo yakuti chibadwa pachokha sichimanena kuti mwana adzatha bwanji, chimene chimanena ndi kugwirizana kwa chibadwacho ndi malo amene mwanayo akukulira. Mwana wochedwa kuzolowera ukamuika kwa munthu wodekha amaphuka bwinobwino, yemweyo ukamuika kwa munthu womukalipira kuti fulumira amafota. Jerome Kagan wa ku yunivesite ya Harvard nayenso anaonetsa kuti makanda ena a miyezi 4 yokha amadzidzimuka kwambiri ndi zinthu zachilendo, ndipo amenewa ndi omwe amakonda kudzakhala amanyazi akamakula kuposa anzawo. Nde mwana wa miyezi 4 tinganene kuti ndi waulesi kapena wonyada? Thupi lake ndi lomwe limamva zinthu mwamphamvu kuposa la mnzake.

Tsopano mwana wotereyu muikeni mkalasi ya pa sukulu ya boma ku Ndirande, ku Bangwe kaya ku Chirimba. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira. Chiyambireni pulaimale yaulere mu 1994 nthawi ya a Bakili Muluzi, pomwe ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni nkufika cha mma 3 miliyoni chaka chimodzi chokha, makalasi athu sanapumepo. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi aziona ana 60 koma mtauni muno kupeza ana opitirira 100 mkalasi imodzi si zachilendo. Mphunzitsi akaponya funso manja amakwera nthawi yomweyo, zala zikulira thwa thwa thwa, "Ine madamu! Ine sala!" ena mpakana kuimirira. Amaloza mmodzi, wayankha, muombereni mmanja, tapita pa funso lina. Zonsezi zimatha mwana wanga uja asanamalize nkomwe kulitembenuza funsolo mmutu. Kuonjezera apo kuyambira sitandade 5 zinthu zili mChingerezi, nde iye akuyenera kupeza yankho, kulisandutsa Chingerezi, kuliyesa kaye chamumtima kuti anzake asamuseke akaphonya, ndipamene akweze mkono. Pofika pamenepo kalasi ili kale patsogolo. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mapeto ake amasiya nkuyesa komwe.

Mayi wina wofufuza za maphunziro ku America, Mary Budd Rowe, mzaka za mma 1970 anajambula mawu mmakalasi ambirimbiri nkumayeza nthawi imene mphunzitsi amadikira akafunsa funso. Anapeza kuti ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha. Imodzi! Ndipo aphunzitsi ataphunzitsidwa kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana anatalika, ana ambiri amene samayankha anayamba kuyankha, ndipo zoti "sindikudziwa" zinachepa. Ine nditamva zimenezi mtima unandipweteka chifukwa ndinaona mwana wanga ndi anzake onse a phee aja, kuti chimene chikuwalekanitsa ndi dzina loti wanzeru ndi masekondi awiri basi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, mwambi timaudziwa tonse, timaulembetsanso pa mayeso a Chichewa, koma mkalasi momwemo nkhonoyo sitiipatsa mpata wotulutsa maso.

Ndikudziwa aphunzitsi amene akuwerenga pano ena ayamba kale kukwiya, ndipo ndikuwamvetsa. Anena kuti mayi inu mukulankhula chifukwa muli ndi ana awiri, ife tili nawo 110, piriyodi ndi ya mphindi zowerengeka, silabasi ikuyenera kutha MANEB isanafike, malipiro ake omwewa, nde tiyambenso kuphunzira mtima wa mwana aliyense? Zoona, sizingatheke kuti mwana aliyense akhale ndi kaphunzitsidwe kakekake, ndipo amene angakuuzeni kuti nzotheka sanaimepo kutsogolo kwa kalasi ya sitandade 3 dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ine sindikupempha zimenezo. Ndikupempha zinthu zosafuna ndalama olo 1 tambala. Kufunsa funso nkunena kuti manja pansi kaye aliyense aganize. Kunena kuti lembani yankho mkope kenako ndiloza. Kunena kuti uzani mnzanu amene mwakhala naye pafupi musanauze kalasi yonse, apa nde mwapha mbalame zonse, wolongolola uja wapeza polankhulira movomerezeka, wamanyazi uja wayesa yankho lake pa munthu mmodzi osati pa anthu 100. Sizikufuna bolodi latsopano kapena ma tabuleti, zikungofuna mphunzitsi avomere mumtima kuti mkono wofulumira si muyeso wa nzeru.

Za magulu nazo ndinenepo, chifukwa chibwerereni silabasi ya PCAR cha mu 2007 nkhani yakhala yoti ana aziphunzira mmagulu, mphunzitsi asamangolankhula yekha. Cholinga chake nchabwino, mutu umodzi susenza denga. Koma pitani mukaone gulu la ana 12 atazungulira buku limodzi. Awiri olimba pakamwa ndi amene amalankhula, mmodzi wolemba bwino amapatsidwa pepala, ena onse ndi operekeza. Mwana wanga wamkazi amadana nazo zamagulu, anandiuzapo kuti, "Amayi, ndikati ndiyankhule amakhala atagwirizana kale, nde ndimangosiya olo ndikuona kuti alakwitsa." Pomwe mchimwene wake tsiku la magulu ndi Khirisimasi. Nde tisamaganize kuti tikangoti magulu basi tathandiza ana onse, tangosintha amene akupindula. Gulu la awiri kapena atatu, aliyense atayamba waganiza payekha, limamuthandiza mwana wa phee kuposa chigulu cha anthu 12.

Koma pali mbali ina imene ndikufuna ndiyankhule mosapsatira, chifukwa nkhani ya chibadwayi anthu ena ayitenga molakwika. Masiku ano mmatchalitchi, mmaseminala a achinyamata ngakhale ku uphungu wa mabanja mwadzaza zija zoti anthu alipo mitundu inayi, sanguine, choleric, melancholic ndi phlegmatic. Maina amenewa ndi akalekale, anachokera kwa asing'anga a ku Greece, Hippocrates ndi Galen, amene ankakhulupirira kuti khalidwe la munthu limachokera ku madzi anayi a mthupi, magazi, ndulu yachikasu, ndulu yakuda ndi makhololo. Zamadzizo madokotala anazitaya kalekale, mainawo ndi omwe anatsala. Ngati njira yoyambira kucheza kuti anthufe ndife osiyana, ine ndilibe nazo vuto. Vuto limabwera mwana wa fomu 3 akamakuuza kuti ine ndine sanguine sindingathe kukhala pansi kuwerenga, kapena kholo likamati uyu ndi phlegmatic musiyeni ndi mmene alili. Apo nde tachotsa chikwangwani choti mbuli nkuikapo china cha Chingerezi chomveka bwino, koma mwana tamutsekerabe mkabokosi. Anthu ambiri sali kumapeto uku kapena uko, ali pakatikati, ndipo mwana yemweyo amene ali zii mkalasi mukamupeze ku kwaya kapena pa netiboli mudzadabwa.

Chimodzimodzi zija zimanenedwa mma wekishopu zoti mwana uyu amaphunzira ndi maso, uyu ndi makutu, uyu ndi manja, nde aliyense aziphunzitsidwa mwa njira yake yokhayo. Mu 2008 akatswiri anayi motsogozedwa ndi Harold Pashler anaunika kafukufuku amene analipo pa nkhaniyi ndipo sanapeze umboni wokwanira woti kuphunzitsa mwana mwa sitayilo yake yokhayo kumakwezadi zotsatira. Mapu a Malawi aliyense amayenera awaone ndi maso, katchulidwe ka mawu aliyense amve ndi makutu, kusoka aliyense agwire singano. Ndipo pa makhalidwe onse amene akatswiri amayeza, limene limayenda limodzi kwambiri ndi kukhoza bwino mkalasi si kulankhula kapena kufatsa, ndi khama lija lomaliza chimene wayamba, kusunga nthawi, kulemba homuweki olo usakufuna. Limenelo wolongolola atha kukhala nalo, wamanyazi atha kukhala nalo, onsenso atha kulisowa.

Nde kwa ine chibadwa chimandiuza khomo lolowera, sichindiuza pothera. Pepala la PSLCE ndi limodzi kwa onse, ku MSCE wamanyazi ndi wolongolola onse akufunika Chingerezi kuti satifiketi ituluke, onse akuwerengeredwa mapointi pa maphunziro 6 omwewo, ndipo holo ya mayeso ndi ya zii, maola awiri kaya atatu uli pa mpando wekha. Mnyamata wanga akuyenera aphunzire kukhala pansi, palibe kuchitira mwina, koma ndimayamba naye ndi mphindi 10, apume azungulire nyumba, abwerenso zina 10, ndipo akamaliza andifotokozere mokweza zimene wawerenga ine ndikusenda mbatata. Mtsikana naye akuyenera aphunzire kutsegula pakamwa, chifukwa kutsogoloku kuli ma intavyu, kuli ma presentation ku MUBAS kaya ku KUHeS ngati Mulungu alola, ndipo safunsa anadya phula. Koma sungamuphunzitse pomuimika kutsogolo mwadzidzidzi anzake akuseka, umayamba ndi kumuuza lero kuti mawa udzatiwerengera ndime iyi, akonzekere, adzayese kaye pamaso pa amayi ake.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene timathera ndi ana ojijirika aja, makamaka anyamata. Dzina likangolowa pa pepala la monita chotsatira ndi kukolopa, kutchetcha, kukumba dzenje la zinyalala, ndipo nthawi zambiri chilangocho amachigwira anzake ali mkalasi akuphunzira. Nde taganizani, mwana amene akuvutika kale kutsatira phunziro tamutulutsanso panja piriyodi yonse, mawa akabwera sakudziwa pomwe anzake afika, atopa, ayambanso kulongolola, dzina lilembedwenso. Pofika sitandade 8 aliyense wagwirizana kuti uyu sukulu si yake, angopita akaphunzire umakaniko ku Ndirande kapena ukalipentala. Ine ntchito zamanja ndimazilemekeza, bambo anga anatilera ndi sowo ndi hamala, ndipo amene akupita ku Soche Technical kapena ku maphunziro a TEVETA asamaonedwe ngati olephera. Koma mwana azipita kumeneko chifukwa akukufuna ndipo ali ndi luso lake, osati chifukwa tinamuthamangitsa mkalasi ali ndi zaka 10 poti amalephera kukhala duu. Mphamvu zomwezo zimene zikutitopetsa lero ndi zimene zimafunika mwa loya, mwa mtolankhani, mwa mphunzitsi amene.

Atsikana a phee nawo ali ndi tsoka lawolawo, ndipo ndi lobisika chifukwa pachikhalidwe chathu mtsikana wofatsa timamuyamikira, ndi waulemu, analeledwa bwino. Nde palibe amene amadandaula naye, palibenso amene amamufunsa ngati wamva. Atha kukhala pa kona chaka chonse asakumva long division ndipo zidzadziwika pa mayeso basi. Wanga uja mwayi wake ndi woti amakhoza, nanga anzake angati amene ali chete chifukwa asochera ndipo akuopa kufunsa? Kufatsa kwa mwana wodziwa ndi kufatsa kwa mwana wosochera kumaoneka chimodzimodzi ukaima kutsogolo, umasiyanitsa pokhapokha utayenda nkukasuzumira mkope.

Makolofenso tisazembe. Ndi ife amene timati bwanji sukhala ngati mchemwali wako, taona mnzako wa nyumba iyo amayankha mkalasi. Ndi ife timalipira pati taimu kuti mwana akakhalenso mchikalasi china chodzadza masana onse, njira yake yomweyo imene yamukanika mmawa, mmalo moti tikhale naye pansi theka la ola tione kuti mutu wake umagwira bwanji zinthu. Ineyo zinanditengera zaka kuti ndisiye kumukalipira mnyamata kuti khala pansi uwerenge ngati munthu, ndipo ndimamva chisoni ndikakumbuka misozi imene inagwa pa tebulo lija pachabe.

Teremu yachitatu itatsegulidwa ndinapitanso ku sukulu kuja mmawa ana asanalowe. Ndinawapeza madamu a sitandade 7 akusaina mu ofesi, ndinawapempha pambali. Ndinati, "Madamu, sindinabwere kudzakuphunzitsani ntchito, ndangobwera ndi pempho. Mwana uja mukafuna ayankhe, mumuuzeko funso lake kudakali nthawi, kapena mungodikirako pang'ono musanaloze munthu." Anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Mayi, ana ndi ambiri, koma ndiyesa." Kwa aphunzitsi a mnyamata ndinapempha kuti ngati pali zogawa makope, zofufuta bolodi kaya zofotokozera anzake kutsogolo azimutuma iyeyo, ndipo chilango chikakhalapo azigwira akaweruka osati nthawi ya phunziro. Iwo anaseka nkuti aona.

Patatha masabata atatu mtsikana anabwera kuchokera ku sukulu, yunifolomu asanavule nkomwe anandipeza ndikuchapa kuseri. "Amayi, lero madamu anati aliyense alembe kaye yankho mkope, kenako analoza ine." Ndinamufunsa kuti nde unayankha? Anati eya, koma mawu amanjenjemera ndipo ena kumbuyo sanamve, madamu anachita kubwereza. Ndinafunsa ngati linali lokhoza, anati linali lokhoza. Mnyamata yekha dzina lake likulembedwabe, sabata yathayi kawiri, ndipo Lachisanu anabwera mochedwa malaya ali fumbi lokhalokha chifukwa amasesa kalasi anzake ataweruka.